Dzenje la pa Mpando wa Aphunzitsi

Pa 9 Malichi, wobwereketsa mipando anabwera ndi ngolo n'kunyamula sofa ya Aphunzitsi, ati wapeza wina wolipira bwino. Aphunzitsi, amene anapuma ntchito kalekale, anayamba kulipira lendi ya mpandowo imvi zisanamere, ndipo matako awo anali atakumbapo dzenje lowakwana iwo okha.

"Ndinkanena ine, bambo," anatero akazi awo. "Alamu anu anagula wawo molipira pang'onopang'ono, popanda chiwongola dzanja. Lero ngwawo."

"Ndi mpando umene uja, mayi? Thabwa lenileni!"

Tsopano Aphunzitsi amakhalira ndowa yozondotsa, msana uli waliwali. M'mawa uliwonse amakaima pakhomo pa wobwereketsayo, ndodo m'manja.

"Mpandowo ngwako, mphwanga, sindikukana. Koma dzenjelo anakumba ndani? Undiyankhe!"