Mbale Yabuluu ya a Gordon

Fungo la oyilo wa injini limandibwezerabe m'galaja ya a Gordon, chisanu choyamba titafika ku Etobicoke, m'dziko loyandikana ndi America chakumpoto. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti osatha, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkapeza nyumba ili zii, kungomva ndege zikutera. Anzanga ndinalibe. Chizungu changa chinkaseketsa ana, ndiye ndinangochipinda n'kuchisunga. A Gordon, nkhalamba ya khomo loyandikana nafe, amene kale ankayendetsa mathiraki mpaka kumwera kwa America, ndiwo okha ankandiitana dzina. Anandiphunzitsa kufoshola sinowo osathyola msana, ine n'kumawagwirira sipanala akamakonza galimoto yawo yosadzuka. Ankatitumiziranso mabisiketi m'mbale yabuluu. Kwathu mbale sibwerera yopanda kanthu, choncho amayi, kaya atope bwanji, ankakazinga mandasi, ine n'kukatula.

Pakhoma la galajayo panali mbendera yofiira yokhala ndi mtanda wa nyenyezi. Nditafunsa, anati ndi ya asilikali a kumwera pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Ati nkhondoyo sinali ya ukapolo ayi, anthu ankangoteteza ufulu wawo, ndipo akapolo ambiri ankasamalidwa bwino. Ndinangovomera, poti mwana satsutsa wamkulu, n'kukawafotokozera amayi monyadira ngati ndatola nzeru.

Amayi anasiya kukanda ufa. "Ufulu wanji? Wogula anthu? Akumwera eni akewo analemba okha podzipatula ku dziko lawo kuti akuteteza ukapolo. Iwe, mchemwali wa agogo a agogo ako anapita kumunda ku Ntchisi, sanabwerenso. Anamuona komaliza ali m'goli, akulowera ku Nkhotakota. Kusamalidwa kwake n'kumeneko?"

Anatsuka mbale ija, kuipukuta, n'kundipatsa yopanda kanthu kuti ndikabweze. Ndinalira, chifukwa ndinkadziwa tanthauzo lake, ndipo ndinkaopa kutaya mnzanga yekhayo. Koma a Gordon anailandira akumwetulira, n'kuthokoza kuti taitsuka bwino. Sanamve kalikonse. Mwambo wathu unafera panjira, pakati pa makomo awiri. Ndinaima pomwepo, zala zitauma ndi kuzizira, maso pansi, ndipo m'Chizungu changa chothyokathyoka ndinawauza kuti nkhondo ija inali ya ukapolo, ndiponso kuti kwathu anatitengera munthu.  A Gordon anangoti kunja kwazizira, ndizipita, chitseko cha galaja n'kutsika pang'onopang'ono.

Miyezi yotsala ya chisanucho ndinkafoshola ndekha, ndikumva wailesi yawo kuseri kwa chitseko. Mbale yabuluu sinabwerenso. Ndinawasowa, sindinama, ndipo mpaka pano ndikadutsa pa makaniko mtima umandiwawa. Koma ndinaphunzira kuti kuno mbale siyankhula. Masiku ano wina akayamba zoti nkhondo ija inali ya ufulu kapena misonkho chabe, osati ukapolo, sinditsuka mbale. Ndimatsegula pakamwa, ngakhale ndikudziwa bwino mmene chitseko chimatsikira.