Zitsulo Zimene Achibale Anazisiya

Maliro a Hosea atatha, mkazi wake Tionge anatsala m'nyumba yopanda ngakhale mpando. Achibale a mwamuna wake anafika ndi lole ku Kalingalinga, komboni ya mu Lusaka, n'kunyamula zonse zimene maso awo anakonda: bedi, firiji, makatani, ndi makina amagetsi ochekera matabwa amene Hosea ankagwirira ntchito m'mbali mwa msewu. Inu amene munaonapo zoterezi mukudziwa mmene misozi ya anthu ena imaumira msanga akangoona katundu.

Chimene anasiya ndi bokosi lakale lomwe linali kuseri kwa chitseko. Mkulu wake wa malemuyo, a Bornwell, analitsegula, n'kuona zitsulo zadzimbiri zokhazokha, n'kulikankha ndi phazi.

"Ivi ni visimbi chabe, mulamu, sungani," anatero. "Koma bana ni bathu. Muzabadyesa chani imwe? Chaka chikasila nizabwela kubatenga, bayende kumunzi ku Petauke."

Ana ake anali awiri, Marjory ndi Clive. Firiji sinamupweteke Tionge. Mawu amenewa ndi amene anamulanda tulo.

Anayesa zonse zimene mayi wamasiye amayesa. Anagulitsa tomato, tomato n'kumuwolera. Anachapa zovala m'nyumba za olemera, koma ntchitoyo inali ya lero ilipo, mawa palibe. Tsiku lina ufa unatheratu. Anabwereka wilibala, n'kukwezapo bokosi lija kuti akaligulitse kwa ogula zitsulo zotha ntchito, aja amangoika pa sikelo osafunsa kuti n'chiyani.

Misewu ya m'komboni mukuidziwa. Gudumu linalowa m'dzenje, bokosi n'kukhuthuka patsogolo pa kashedi ka a Silas, kalipentala wokalamba amene maso ake anali atayamba kuchita chifunga. Chitsulo chimodzi chinagubuduzika mpaka pamapazi pawo. Anachitola, n'kuchiyesa kulemera, n'kuyendetsa chala m'mbali mwake.

"Uyenda navo kuti ivi, amake Marjory?"

"Ku sikilapu, batate. Bana sibanadye."

A Silas sanamudzudzule. Analowa m'kashedi n'kumutengera kapaketi ka ufa kamene kuno timati pamela. "Kaphikile bana. Bokosi siya pano, mailo ubwele nikuonese vamene wenze ufuna kutaya."

M'mawa mwake anapeza mkuluyo atayala zonse pa benchi. Chitsulo chija chinali puleni, chipangizo chopalira matabwa ndi manja. A Silas anamugwiritsa zogwirira zake: zinali za mtengo wolimba wakuda, osati pulasitiki. Anapukuta kagudumu kosinthira mpeni ndi palafini, ndipo pansi pa litsiro panatuluka mkuwa wachikasu. Anamuuza kuti apapase zilembo za dziko limene inapangidwa, zomwe anaumbira m'chitsulo momwemo, osati zomata. Kenako anasolola mpeni wake n'kuugogoda ndi msomali. Unalira ngati kabelu.

Anamuonetsanso sowo yochekera matabwa. Yakale, anatero, chogwirira chake chimamangidwa ndi timabawuti ta mkuwa, ndipo mano ake akabuntha umawanola ndi fayilo. Zambiri zamasiku ano zili ndi mano akuda oumitsidwa, zikabuntha basi zatha. Zipangizo ngati izi zinkabwera kalekale m'sukulu za mishoni, m'migodi ndi kwa anjanji, ndipo zinkadutsa m'manja mwa bambo kupita kwa mwana.

Pomaliza anatembenuza chogwirira cha puleni. Panali kamtanda kozokotedwa ndi mpeni, ndipo pansi pake timizere tiwiri.

"Kale tenze kusebenza bambili mu shedi imozi, so aliyense enze kuika chizindikilo pa chisulo chake. Aka kamutanda ni ka bapongozi bako, ninasebenza nabo. Utu tumizele ni twa Hosea, akalibe kugula mamashini."

Tionge anakhala pansi n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda. Atapukuta misozi anati, "Nipunziseni, batate."

Musaganize kuti zinayenda bwino. Sabata yoyamba, pofuna kusangalatsa mphunzitsi wake, anatenga mpeni wa puleni n'kuunola pa simenti ya pakhonde monga amachitira ndi mpeni wodulira anyezi. A Silas atapapasa anangogwira kumutu. Zinamutengera masiku ambiri pa mwala wonolera ndi mafuta kuti akonze zimene anawononga m'kanthawi kochepa. Manja anatuluka matuza. Kampando kake koyamba kankavina kokha munthu asanakhalepo. Anyamata a makina m'mbali mwa msewu ankamufuulira, "Amai, pano si pa kichini!" Iye ankangoweramira thabwa lake, ngakhale kuti mumtima zinkamuwawa.

Ankafunsa nthawi zina kuti adzaika liti chizindikiro chake. A Silas ankatola zimene wapala n'kuzifinya m'manja. "Vikali vonenepa. Siku yamene uzapala chopyapyala monga pepala, uzaika."

Kenako kunabwera chilala, madzi n'kuchepa kumene amapangira magetsi. Magetsi anayamba kuzima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Msewu wonse wa akalipentala unangoti zii. Anyamata aja ankakhala pa matabwa awo akusewera nsolo, makina ali chete, makasitomala akubwerera. M'kashedi ka a Silas mokha ndi mmene munkamveka phokoso: puleni ya Tionge ikuyenda pa thabwa la mukwa.

Munthu wofuna chitseko sasamala kuti wapala ndi ndani. Anayamba kubwera mmodzimmodzi. Posakhalitsa, amene ankamuseka aja anafika akukanda m'mutu. "Ba mayo, tibwelekeniko puleni."

Apa Tionge anaona njira. Anayamba kuzungulira kwa ogula zitsulo m'makomboni a Kanyama ndi Chawama, akufukula milu ya dzimbiri ndi manja. Ankayang'ana mkuwa, kupapasa zilembo, kugogoda mpeni kuti amve kulira kwake. Anapusitsidwapo kamodzi ndi puleni yatsopano yopepuka imene wina anaipaka utoto wakuda, ndipo a Silas anamuseka sabata yonse. Koma zambiri zinali zenizeni: masowo, matchizulo osemera, zobowolera zopukusa ndi dzanja. Ankazichotsa dzimbiri, kuzinola, n'kuzigulitsa kwa amisiri amene magetsi anawakhalitsa pansi. Ana anabwerera kusukulu. M'nyumba munalowa bedi ndi mipando, zonse zopangidwa ndi manja ake.

Mvula yoyamba itagwa, a Bornwell anafika monga analonjezera, chikwama chonyamulira zovala za ana chili m'manja. Anthu anawalozera ku shedi. Anapeza mlamu wawo ali m'kati mwa zopala za matabwa, Marjory ndi Clive akulemba za kusukulu pa benchi, atavala nsapato. Anayang'ana uku ndi uku kufuna poyambira, ndipo maso awo anagwera pa puleni. Inali itayera, mkuwa ukuwala. Anainyamula, n'kuona kamtanda kaja.

"Iyi ni ya batate," anatero, dzanja likuifumbata.

Tionge anawayandikira. Anadziwa mmene dzanja limenelo limatengera zinthu. Koma ulendo uno sanayang'ane pansi.

"Ni yamene munakankha na mwendo, ba mulamu. Munati ni visimbi chabe. Onani pansi pa tumizele twa Hosea."

Panali chizindikiro chachitatu, kanyenyezi katsopano ka Tionge, mtengo wake udakali woyera.

"Iyo ndiye yadyesa bana chaka chonse. Mukaitenga, mwatenga chakudya chabo. Mukatenga bana, muzauza chani batate banu?"

A Bornwell anayendetsa chala pa kamtanda. Atalankhula, mawu anali atasintha. Anati ali mwana ankadzuka ndi phokoso la puleni imeneyi, ndipo anali ataliiwala. Anapempha kuti alimvenso. Tionge anayendetsa puleni pa thabwa, chopala chopyapyala n'kutuluka chikupiringizika mpaka pansi. Bambo wamkuluyo anatembenukira kukhoma kuti ana asaone nkhope yake.

Anabwerera ku Petauke tsiku lotsatira. Chikwama chija chinali chopanda kanthu, koma pamwamba pa basi panali kampando ka mukwa kopita kwa agogo a anawo, eni ake a kamtanda kaja. Kameneka sikankavina.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso anakulandani zonse n'kukusiyirani chimene anachiona ngati chopanda ntchito. Musathamangire nacho ku sikelo. Chipukuteni kaye, funsani amene akuchidziwa, lolani manja atuluke matuza. Pa chogwirira cha puleni ya Tionge patsala malo pansi pa kanyenyezi, ndipo Marjory wayamba kale kufunsa kanoledwe ka mpeni. Osataya mtima, ngakhale chimene mwatsala nacho chili ndi dzimbiri.