Bawuti Yapambali

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinakhetsa oyilo wa m'giyabokisi ya galimoto ya atate popanda wondituma. Munali m'zaka za m'ma 1990, mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Malambo likuwotcha osati masewera. Tinkakhala m'mbali mwa msewu wa ku Malama, ndipo galimotoyo, imene atate anaigula yotheratu ku loji yogona alendo kumene ankagwira ntchito, inali yokhayo m'midzi yonse yoyandikana nafe. Inkayenda mwa chisomo, koma inkayenda.

Ine ndinali mwana woyamba, wamkazi, wa manja oyabwa. Atate akalowa pansi pa galimoto ndinkalowa nawo, moti amama ankati anabereka makanika wovala diresi. Loweruka limenelo atate anati asintha oyilo chifukwa magiya anali atayamba kulira. Anaika chigubu cha oyilo watsopano pakhonde, n'kupalasa njinga kukabwereka sipanala yaikulu. Ine ndinati ndiwadabwitse. Ndinatenga beseni lakale, ndinakwawira pansi pa galimoto, n'kumasula bawuti yapansi. Oyilo wakuda, wonunkha ngati mazira owola, anatsikira m'beseni mpaka dontho lomaliza. Ndinabwezera bawutiyo ndikudzimva kuti ndakula.

Atate atabwera anayang'ana beseni, kenako anayang'ana ine.

"Yapambali wayamba waiyesa?"

Ndinapukusa mutu. Giyabokisi ili ndi mabawuti awiri, yapansi yotulutsira oyilo ndi yapambali yothirira. Yapambaliyo inali itagwirana ndi dzimbiri komanso matope a zaka zambiri. Atate anakoka, sipanala inaterereka. Anakokanso, mutu wa bawuti unadyeka n'kukhala wobulungira. Oyilo anali kunja, ndipo polowera panalibe.

Nthawi yomweyo azakhali anatuluka m'nyumba akuthamanga. Amama anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu.

"Achimwene, mlamu akutaya magazi. Tiyeni ku chipatala tsopano lino."

Mpaka lero sindinamvenso mantha ngati a tsiku limenelo. Ngakhale ine ndinkadziwa kuti giyabokisi youma siingafike ku Mfuwe kumene kunali chipatala; ikanagwira pakati pa tchire, kopanda mudzi. Atate anatenga nyundo ndi tchizulo n'kuyamba kumenya bawuti ija, zala zikuchucha magazi, thukuta likugwera m'maso. Bawuti osasuntha. M'nyumba amama ankabuula motsitsa mawu kuti ana tisamve, koma tinkamva. Ndinkalakalaka atate atandimenya, mwina mtima ukanapepuka. Iwo sanandiyang'ane n'komwe.

Kenako anataya nyundo n'kulowa m'galimoto, kutsogolo. Anang'amba mphira ya pansi, anamasula timabawuti ta chitsulo chophimbira, n'kuzula ndodo yosinthira magiya yonse. Panatsala bowo loyang'ana m'giyabokisi.

"Yeza wa m'beseni ndi botolo. Umene watuluka ndi umene ulowe. Fulumira."

Anakwana mabotolo atatu. Tinadula botolo lina kuti likhale fanulo, ine n'kuligwira pabowo, atate akuthira watsopano uja. Oyilo wa magiya ndi wolemera ngati uchi, ndipo satsika chifukwa choti munthu ali pa changu. Ankalowa pang'onopang'ono, kuima, kutulutsa thovu, n'kulowanso. Wina anatayikira pa diresi yanga. Ndinkapemphera mumtima, osati mapemphero a ku tchalitchi, koma mawu amodzi okha: lowa, lowa, lowa.

Pamene tinkagoneka amama pa matiresi kumbuyo, mthunzi wa mtengo wa pakhomo unali utatembenuka kale. Magiya analowa bwinobwino njira yonse, osalira ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kwambiri.

Amama anachira. Mwana, yemwe anali wamwamuna, sanalire. Anamwino anauza atate kuti mwina anali atapita kale tisananyamuke kunyumba, ndipo atate anandibwerezera mawu amenewo kawiri ali chogwada, atandigwira mapewa. Ine ndinangomva liwu loti mwina.

Patapita milungu ingapo anapita nayo galimoto kwa owotcherera ku Mfuwe, amene anachotsa bawuti ija. Atabwera anandiika m'dzanja kachitsulo kodyekako.

"Mwana wanga, usanatsegule potulutsira, uziyamba waona ngati pothirira pakutseguka."

Nkhaniyo sinatchulidwenso pakhomo pathu.

Tsopano ndine mayi wa ana anayi, ndipo anthu amati ndimachedwa kuyamba zinthu. Akunena zoona. Ndinaphunzira kuti kumasula n'kosavuta, ngakhale mwana amatha, koma munthu asamasule chimene sakudziwa kuti achibwezera bwanji. Ndamvetsanso chifukwa chimene atate sanandimenyere: anaona kuti katundu amene ndinasenza anali wokwana kale. Bawuti ija ili m'kachitini ka singano. Mlongo wanga uja sanapatsidwe dzina, ndipo chokhacho chimene ndili nacho chomukumbukira ndi kachitsulo kameneko.