Sukulu ya m'shedi ya matabwa

Fungo la utuchi wa paini wonyowa limandibwezerabe ku shedi ina ya matabwa m'munsi mwa phiri la Dedza, kumene ndinkaphunzira m'nyengo yozizira ya chaka chimene anandichotsa sukulu.

Ndinali mu Sitandade 8. Tsiku lina tikusewera m'kalasi, mpira wanga wansanza unagunda chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, galasi n'kusweka. Ahedi sanandikwapule. Anangondiuza kuti ndinyamule mabuku anga ndipo ndisadzapondenso pamenepo. Bambo anayenda nane mpaka ku Kasina ndi ku Kaphuka kukandipemphera malo, koma kulikonse mbiri inkakhala itatsogola kale.

Amene anandilandira anali a Nachisale, mayi amene kale anali mphunzitsi, naye anachotsedwa ntchito pa zifukwa zimene akuluakulu ankangonong'onezana. Amuna awo ankacheka matabwa, ndipo m'shedi mwawomo mayiwa ankaphunzitsa ana ochotsedwa sukulu. Munali ine, anyamata awiri apachibale amene makolo awo anakana kugula kadi ya chipani, ndi Esinati, amene mimba yake inali itayamba kuonekera m'juzi.

Tinkakhala pa zipika, utomoni n'kumatimata m'akabudula. Nkhungu inkalowa m'mipata ya khoma, zala n'kuuma mpaka pensulo kupulumuka. A Nachisale ankalemba masamu ndi khala pa thabwa losalala, likadzaza n'kulipala. Tikamva galimoto ikukwera chitunda, tinkakwirira mabuku mu utuchi n'kuyamba kutola nkhuni.

"Mayeso mulemba ndithu," ankatero a Nachisale. "Inu ziwerengani basi."

Mayeso atayandikira, anavala nsapato zawo za kutchalitchi n'kupita kuboma kukatipemphera kuti tilembe nawo. Anabwera dzuwa litapendeka, n'kukhala pa chipika.

"Akuti mayina anu sangalowe," anatero.

"Nanga mawa tibwere?" anafunsa Esinati.

"Bwerani. Masamu aja sitinamalize."

Ine sindinapitenso. Tsiku la mayeso ndinali kudimba kukumba kachewere ndi bambo, belu la kusukulu likumveka kutsidya. Bambo analimvanso, koma sanadzutse mutu.

Nthawi imeneyo ndinawasungira mkwiyo a Nachisale, ndinkati anatinamiza. Lero ndapitirira msinkhu umene iwo anali nawo, ndipo ndikuganiza kuti yankho la kubomalo ankalidziwa chiyambire. Pa mayina athu analibe mphamvu. Chimene akanatha chinali kutipezera kolowera kukacha, ife ndi iwo omwe.