Khasu pakamwa pa thanki ya nthunzi

Senderani kuno, ndipo iwe wolembawe usatalikire, mawu anga achepa masiku ano.

Chaka chimenecho fodya anauma moti ukangomukhudza ankayoyoka. Ndiye mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga wachisamba, anakawotcheretsa thanki yachitsulo ku Boma, yowiritsiramo madzi kuti nthunzi izifewetsa masamba tisanasankhe. Wowotcherera uja anamuuza kuti thanki yotere imafuna popumira nthunzi ikachuluka, ndipo anamuonetsa zinthu ziwiri. China kachitsulo kopyapyala ngati chivindikiro cha chitini, mtengo wa nkhuku imodzi, koma kamaphulika kamodzi basi, ugule kena. Chinacho valavu ya sipuling'i, imatsegula yokha n'kudzitsekanso, koma mtengo wake mbuzi yathunthu.

Mkamwini anasankha nkhuku. Kanaphulika, anagula kena. Kanaphulikanso. Ndipo kakaphulika ntchito inkaima mpaka wina akwere kabaza wa ku Boma. Nkhuku zitakwana zinayi, ndinamuona m'mawa wina akudula khasu lakutha, n'kulimanga ndi mabawuti pamene pankakhala kachitsulo paja.

Ine kusukulu sindinapondeko, koma ndisanabatizidwe ndinkatcheza kachasu. Ndikudziwa chimene mtsuko umachita ukaumata ponseponse.

Vuto linali lakuti kwathu kuno mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Ndiye ndinatuma mwana wanga.

“Kawauze abambo akwanuwo achotse khasu lija.”

Anabwerako akuseka. “Akuti amayi azisankha fodya, zauinjiniya azisiye.”

“Injiniya wa khasu?”

“Amayi inu, tsitsani mawu, akumvatu!”

Thankiyo inali kuseri kwa mpanda waudzu wa shedi yosankhira. Mwana wangayo, ali ndi pakati potopa, anakhala motsamira mpanda womwewo, amayi atatu aganyu pambali pake. Dzuwa litafika paliwombo thanki inayamba kubuula. Ndinasuzumira pampata. Mowotcherera monse munkatuluka timadzi, tikuchita thovu, koma mkamwini akusonkhezabe nkhuni kuti belo lisaphonye lole ya ku okushoni.

Ndinaganiza kaye. Ndikalankhula, mudzi wonse undinena. Kenaka thanki inati thii, ngati wina waimenya ndi mwala.

Ndinazungulira mpanda. Mkamwini atandiona anatembenuka kundipatsa msana, mwaulemu wake. Ine ndinagwada n'kuyamba kusolola zikuni ndi manja anga.

“Bambo, tandiyang'anani! Mukufuna tiike maliro angati?”

Anandiyang'ana, koyamba chikwatirireni pamudzi pano. Anayang'ananso thanki, nkhope n'kusintha.

“Tulukani m'shedimo! Thawani!” anakuwa, n'kugwada pambali panga. Tinakoka moto wonse tili awiri, phewa ndi phewa, thanki ikubuulabe pamutu pathu. Itazizira madzulo tinapeza kunsi kwake kutatukumuka ngati chimimba cha chule.

Belo lija linaphonyadi lole. Ndinamutumizira mbuzi yanga kuti agulire valavu, koma anaikana, anagulitsa njinga yake n'kugula thanki ina yokhala ndi valavu. Anaigwiritsa zaka ziwiri, pano analeka fodya, akulima soya. Mwana wanga anachira bwinobwino, anabereka mwana wamkazi, amene ali ku sekondale tsopano. Wowotcherera uja anasamukira ku Nkhamenya. Amayi aganyu aja sanabwerenso, koma nkhani anaifikitsa kutchalitchi lisanakwane Lamulungu. Ine zala ziwiri izi zinapsa ndi zikuni zija, sizipindika mpaka lero, pomanga chitenje amandithandiza adzukulu.