Chikuku Chosabwerera M'mbuyo

Ku Ndirande, ukadutsa msika n'kuyamba kukwera chakuphiri, pali shedi ya malata akale yopanda chikwangwani. Kulira kwa zitsulo ndi kuthetheka kwa moto ndiko kumakuuza kuti wafika kwa Che Habibu. Bambowa anabadwira momwemo m'Ndirande. Bambo awo ankakhoma zidebe ndi mbaula, ndipo iwo anakulira pakati pa malata, zala zili zipsera zokhazokha. Zidebe zapulasitiki zitalanda msika anayamba kukonza njinga, kenako anaphunzira kuwotcherera. Mageti ambiri a m'derali, ngakhale mabedi amene anthu akugonapo, anatuluka m'manja mwawo.

Za zipangizo za odwala sanachite kuzifuna, zinawapeza pakhomo. Akazi awo, a Zeinabu, omwe amagulitsa nsalu mumsika, anadwala shuga kwa nthawi yaitali. Chilonda cha kuphazi chitakana kupola, madokotala anadula mwendo m'munsi mwa bondo. Kuchipatala anabwerako ndi ndodo zoyendera, zabwinobwino pa simenti, koma pa miyala ya Ndirande zinkaterereka ngati therere. Che Habibu anacheka tayala lakutha la minibasi n'kupanga timapazi topindika tomwe tinkagwira mwala ngakhale kutagwa mvula. Mbiri inawanda. Anthu a ndodo ankachokera ku Bangwe ndi ku Machinjiri kudzaikitsa timapazito, ndipo posakhalitsa amisiri ena anayamba kutipanganso.

Patapita zaka, mapewa a a Zeinabu anatopa ndi ndodo, ndipo amayi a kumzikiti anawapezera chikuku. Chikukucho chinabwera ndi vuto lake. Pamtunda, munthu akangochotsa manja pamatayala kuti apume, chinkabwerera m'mbuyo. Mayi wozolowera kudziyendera yekha anayamba kudikira womukankha, ndipo kudikirako kunkamuwawa kuposa chilonda chija.

Che Habibu si munthu wolankhulalankhula. Anatenga fuliwilo ya njinga, kachitsulo kamano kaja kamene kamalola tayala kuzungulira kutsogolo kokha, n'kuyamba kulimbana nako. Chipangizo choyamba chimene anaika pa chikukucho chinakana kubwerera m'mbuyo ngakhale mwini wake akufuna. Chachiwiri chinadzaza matope n'kuuma gwa. Dzinja lonse linathera pamenepo. Mapeto ake anapanga kandodo kamene munthu amangokakankha ndi chigongono kuti tayala limasuke, manja osachoka pomwe agwira, ndi chivindikiro chimene chimalavula matope tayala likamazungulira. A Zeinabu ankachiyesa pa kamtunda ka mkati mwa mpanda wa nyumba yawo, kuseri kwa shedi, ndipo anagwirizana kuti Lolemba likubweralo achitulutse ulendo wa kumsika.

Loweruka lake kunafika mayi wina wachitsikana wa ku Nkolokosa, dzina lake Deborah, atanyamula chikuku cha bambo ake m'galimoto. Bambo akewo, a Ackson, anali mphunzitsi wopuma pantchito wochokera ku Rumphi, ndipo chikuku chawo chinali chitathyoka popondera. Podikira, Deborah anaona kudzera pageti a Zeinabu akukwera kamtunda kaja, n'kusiya matayala, n'kukonza mpango wawo kumutu, chikuku chili chiimire.

"Bambo, chimenechi munachigula kuti?" anafunsa motero.

"Tinangopanga konkuno, mayi."

"Anthu angati achiona mkati mwake?"

"Ine ndi eni akewo basi."

Deborah anawauza kuti ndi loya, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kuthandiza anthu kulembetsa luso lawo. Anakhala pa benchi, osasamala za girizi, n'kuyamba kufotokoza za patenti. Anati ndi chikalata cha boma chonena kuti njira yakutiyakuti yopangira chinthu anaitulukira ndi uje, ndipo kwa zaka zoikika wina sangapange chinthucho kapena kuchigulitsa popanda chilolezo cha mwini wake.

Che Habibu anakumbukira timapazi ta ndodo tija. "Nanga timeneti? Ndinayambitsa ndine, aliyense kuno akudziwa."

"Pamenepo tinachedwa, bambo. Patenti imafuna chinthu chatsopano, chimene sichinaonetsedwe poyera. Mukagulitsa kaye kapena kuika chithunzi pa foni kuti anthu aone, ndiye kuti mwaulula nokha. Chinanso, chisakhale chinthu choti mmisiri aliyense akanachiganizira mosavuta, ndipo chikhale chotheka kupangidwa n'kugwira ntchito."

Bambowo anaseka. Sanamve kuwawa kwenikweni. Timapazito tinali titayendetsa anthu ambiri, ndipo anaona kuti zili bwino choncho.

Amene anadandaula ndi a Zeinabu, atamva kuti chikuku chisatuluke pageti mpaka pempho la patenti litaperekedwa ku ofesi yolembetsa.

"Mwana wanga," anatero kwa Deborah, "mwendo ananditsekera m'nyumba, tsopano mapepala anditsekerenso?"

"Pepani amayi, n'kwakanthawi chabe. Tsiku limene pempho lalowa ndi limene limawerengedwa. Likangolowa, muzikayenda mmene mungafunire."

A Zeinabu anavomera, koma anapereka lamulo lawo: m'mawa uliwonse amuna awo aziwakankha okha pa chikuku china chopanda kachitsulo kaja kukafika kumsika, kuti nkhaniyo asaigonere. Ndiye anthu a m'njira anazolowera kuona mmisiri wa imvi akukankha mkazi wake kutsika ndi kukwera, iye ali wefuwefu, mayi ali phee kupereka moni uku ndi uku.

Ntchito inali yochuluka kuposa mmene ankaganizira. Deborah anayamba wafufuza pa kompyuta ngati wina kwinakwake anapangapo zofanana. Anapeza kuti kumayiko akunja alipo angapo amene analembetsa kale njira zoletsa chikuku kubwerera m'mbuyo. Che Habibu atayang'ana zojambulazo anamva kamtima kuwawa pang'ono, kenako chidwi chinawagwira. Panali anthu kutali, osawadziwa, amene anavutika ndi funso lomwelo. Koma palibe amene anali ndi kandodo ka chigongono kolumikizana ndi chivindikiro cholavula matope. Deborah anati pempho lawo liime pamenepo, pa chimene chinalidi chawo, osati pa chikuku chonse.

Chimene chinawadabwitsa kwambiri n'chakuti anayenera kufotokoza zonse, kujambula dzino lililonse ndi sipulingi iliyonse, mwakuti mmisiri wina atawerenga athe kupanga.

"Ndasokonezeka, mayi. Poyamba mumati ndibise, pano mukuti ndiulule."

"Kubisa n'kwa poyamba pokha," anayankha Deborah. "Kenako mumauza dziko mmene munapangira, ndipo dziko limakutetezani kwa kanthawi. Zaka zikatha, luso limakhala la aliyense."

Zimenezo zinawakhalira bwino mumtima. Kwawo anakula akumva kuti nzeru zobisa zimafa ndi mwini wake.

Deborah anawachenjezanso kuti patenti si umboni woti chipangizo n'chabwino kwa wodwala. Imeneyo ndi nkhani ina, ya azaumoyo. Pempho litalowa anawalumikiza ndi a Mirriam, mayi wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, amene anayesa chikukucho ndi anthu olemera mosiyanasiyana. A Mirriam anapeza kuti kandodo kaja kankalimba kwa munthu wa manja ofooka. Che Habibu anabwerera kushedi n'kukafewetsa, osanyinyirika.

A Zeinabu anatuluka okha pageti m'mawa wina wa mwezi wa Juni, kukuzizira. Potsika panalibe chachilendo. Pobwera madzulo ndi pomwe anaima pakati pa mtunda, n'kuyamba kucheza ndi mayi wogulitsa tomato, manja ali pamiyendo. Amuna awo ankaonera patali, atagwira chitsulo chimene anali ataiwala kuti achitani nacho.

Chikalata chenichenicho sichinatuluke mpaka pano. Zinthu zimenezi zimatenga zaka, ndipo ofufuza akhoza kuvomera kapena kukana. Che Habibu sizikuwasowetsa tulo. Anasainirana pangano ndi Grace, mayi wowotcherera wa ku Zingwangwa, kuti azipanga kachipangizoka kumbali ya kwawoko, koma potsata miyeso ya bambowo ndendende, chifukwa dzino limodzi likalakwika munthu akhoza kugubuduka. Kamodzikamodzi amakwera minibasi kukaona ntchito yake, ndipo amabwerako akuyamikira kuti mayiyo ali ndi dzanja loyera pa chitsulo.

Mageti akuwotchererabe, chifukwa ndiwo amadyetsa pakhomo. Lachisanu masana amatseka shedi kupita ku mapemphero a Juma. Loweruka Deborah amabweretsa bambo ake, omwe chikuku chawonso chinaikidwa kachitsuloko, ndipo madala awiriwa amakhala pamthunzi wa shedi kusewera bawo. A Ackson amakonda kuphunzitsa mnzawo mawu a Chitumbuka, Che Habibu n'kumabweza ndi a Chiyao, ndipo amakangana kwambiri za amene akulankhula molakwika kuposa mnzake.