Kamera ya Lughano Inkafuna Dzuwa

Ku Karonga kuno mukafunsa za Lughano wojambula mavidiyo, aliyense akulozerani. Ndi mchimwene wanga wobadwa pambuyo panga, ndipo ndimamukonda, koma nkhani yake iyi ndikaikumbuka manyazi amandigwira mpaka lero. Ine ndine Tusekile, ndimagulitsa mpunga mumsika wa paboma.

Tinakulira ku Kaporo, m'minda ya mpunga. Lughano khasu sankalifuna ngakhale pang'ono. Ife tikamawokera mbande m'matope, iye ankaima pamtunda, manja m'thumba, kuopa kudetsa buluku. Bambo athu ankati mwana ameneyu anabadwira kuti anthu azimuona. Atasiya sukulu anabwera paboma n'kuyamba kujambula zithunzi za paziphaso, kenako za maukwati, akuyenda panjinga. Chinamukweza ndi kamera yaikulu ya paphewa imene anagula yakale ku bungwe lina lomwe linkatseka ofesi yake. Chinthu chija chinali cholemera ngati thumba la mchere, koma iye sankadandaula. Mafoni analipo, aliyense ankatha kujambula yekha, koma banja lililonse linkafuna kuti alendo aone chikamera chija chikuyenda kutsogolo kwa mkwatibwi.

Mkati mwa kamera yotere, kuseri kwa diso lake, muli kagudumu kakang'ono kokhala ndi magalasi angapo. Lina ndi loyera, lojambulira m'nyumba. Ena ndi akuda, ochepetsa kuwala, chifukwa dzuwa la kuno likamenya diresi la mkwatibwi chithunzi chimangoti mbee. Wojambula amapotokola kachitsulo kam'mbali n'kusankha galasi loyenera malo. Zimenezi ine ndinazidziwa mochedwa, zinthu zitavuta kale.

Chaka china mvula itangotha, kagudumu kaja kanayamba kulimba. Lughano anakakakamiza, china chake chinathyoka mkati, ndipo kanakanirira pa galasi lakuda kwambiri. Panja masana zithunzi zinkatuluka zokongola, koma m'tchalitchi kapena m'nyumba munkangooneka mdima. Anapita nayo ku Mzuzu. Mmisiri wa kumeneko anati iye sangaitsegule, ipite ku Dar es Salaam, ndipo ikakhalako mwezi kapena kuposerapo. Nyengo ya maukwati inali itayamba. Lughano anaganiza zoti anthu amuone akujambula ndi foni ngati aliyense, mtima unakana. Anabwerera ndi kamera yake osauza munthu, ngakhale mkazi wake Hilda.

Ndiye anayamba zake. Ankauza akwati kuti kujambula kwamakono n'kwapanja, magetsi a m'nyumba amatuwitsa khungu. M'tchalitchi ankayendayenda ndi kamera paphewa ngati akugwira ntchito, kenako mwambo ukatha ankatulutsa onse pabwalo kuti avekanenso mphete. Akwati ankaima padzuwa la mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, paudala akusungunuka kumaso, koma akumwetulira chifukwa katswiri wanena. Ojambula ena anayamba kumutsanzira. Inenso mumsika ndinkadzitama kuti mchimwene wanga ndi amene anabweretsa fashoni imeneyi.

Ku Kaporo kunatsala azakhali athu a Keziya, mlongo wawo wa bambo. Anadwala mtima, miyendo inatupa, ndipo anasiya kutuluka m'chipinda. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Eunice, anali ku Joni, ndipo mapepala ake sanali bwino, moti akanabwera kudzawaona sakanatha kubwerera kuntchito. Tsiku lina azakhali anatumiza uthenga kuti Lughano apite ndi kamera yake. Anati ali ndi nkhani yoti auze Eunice yekha, nkhani imene sanauzepo munthu, ndipo akufuna mwanayo aone nkhope yawo akuinena. Za foni anakaniratu. Anati makutu awo sakumvanso bwino, komanso zolowa m'foni mawa lake zimapezeka kwa aliyense. Ankafuna chikamera cha zinthu zaulemu chija.

Tinapita awiri, ine ndi Lughano. Tinawapeza atasamba kale, atavala yunifolomu yawo ya amayi a kumpingo, atatsamira pilo. Chipindacho chinali ndi kawindo kamodzi kakang'ono. Anauza Lughano kuti aimike kamera, aiyatse, ndiye tonse tituluke, akamaliza atiitana.

Lughano anasuzumira m'kamera muja nthawi yaitali. Kenako anati kuwala kwa m'nyumbamo sikuli bwino, zingakome atatuluka panja. Ndinamufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino, munthu wodwala chonchi kumutulutsa masana. Anandiyankha ndi mawu ake a ukatswiri aja, kuti ine ndidziwe za mpunga, iye adziwe za kujambula. Azakhali anatiletsa kukangana. Anati timvere mwini ntchito.

Tinawanyamula pamatiresi, ine ndi amayi awiri oyandikana nawo nyumba. Ndinati tiwagoneke pansi pa mtengo wa mango, Lughano anakana, anati pamthunzi sipatheka. Tinawaika pakati pa bwalo, dzuwa lili pamutu. Tsono kumudzi chikamera ngati chija sichituluka anthu osabwera. Ochokera kumjigo anatula ndowa zawo, a m'minda anaima ndi makasu, ana anadzaza kumpanda. Ndinawathamangitsa ndi mawu oipa ndithu, koma anangosunthira kumbuyo pang'ono n'kuimanso.

Azakhali anayang'ana kamera, maso atatsinzina theka chifukwa cha kuwala, n'kuyamba.

“Eunice mwana wanga, ndine mayi ako. Pali nkhani imene ndakhala ndikukubisira.”

Anaima pamenepo. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono kuyang'ana khamu lija, anayang'ananso kamera. Kenako anapempha kuti tiwalowetse, ndipo tisanawanyamule n'komwe mutu wawo unagwera kumbali. Tinathamanga nawo m'nyumba, kuwathira madzi, kuwakupiza ndi chitenje, mpaka anatsitsimuka.

Lughano ndinakamupeza kuseri kwa khitchini atakhala pansi, kamera ili pamiyendo. Sindinamunyengerere. Ndinamufunsa kuti n'chiyani kwenikweni chimene chinamuletsa kujambula m'nyumba, ndipo ndinamuuza kuti akandinamiza asadzanditchulenso kuti mchemwali wake. Apo m'pamene anandionetsa kachitsulo kaja, akukapotokola koma osayenda, n'kundiuza zonse, za kagudumu, za ku Mzuzu, za mphete zovekana kawiri. Ndinamukalipira mpaka mawu anandithera. Iye ankangoyang'ana nsapato zake. Inenso manyazi anandigwira koopsa, chifukwa manja anga ndi amene anawanyamula azakhali kuwatulutsa panja.

Analowa yekha m'chipinda muja, nagwada pafupi ndi bedi, n'kuwauza azakhali zoona zake. Ndinali pakhomo, ndinamva. Ndinkayembekeza kuti amudzudzula, ndipo mwina zikanamupepukira akanatero.

“Bwanji sunanene, mwana wanga?” anatero. “Pita ukakonzetse. Ndidikira.”

Ndinawapempha kuti alankhule m'foni yanga tsiku lomwelo, ndinalonjeza kuti palibe amene adzaione kupatula Eunice. Anakana. Ndinati andinong'oneze ine, ndidzamuuze Eunice. Anati nkhaniyo si yodzera mwa munthu wina.

Sabata yomweyo Lughano anapereka kamera kwa a Yusuf, wamalonda wa ku Mangochi amene amakapikula nsalu ku Dar es Salaam, kuti akaisiye kwa mmisiri. Maukwati amene anali atalonjeza anawabweza, ndipo aliyense womufunsa ankamuuza chifukwa chenicheni. Nkhani inafala msika wonse. Amayi ena ankabwera pabenchi langa, osati kudzagula mpunga, koma kudzandifunsa ngati n'zoona kuti mwana wawo anapsa ndi dzuwa pa ukwati wake chifukwa cha kamera yowonongeka. Ndinkangovomera. Lughano ankapita ku Kaporo kawirikawiri kukawaona azakhali, ndipo nthawi iliyonse ankamufunsa ngati chinthu chija chabwera.

Chinabwera ndithu. Mmisiri anasintha kadzino kamodzi kamene kanathyoka, kagudumu kakuyenda bwinobwino mpaka lero. Koma a Yusuf anafika nacho titawaika kale azakhali m'manda.

Eunice analephera kufika pamaliro, anabwera pambuyo pake, ntchito ya ku Joni ataisiya. Atachoka kumanda anabwera paboma, chifukwa anamva kuti mayi ake anamusiyira mawu. Tinakhala atatu m'kashopu ka Lughano. Iye anayesa kufotokoza kaye, koma Eunice anati angomuonetsa zimene anajambula tsiku lija.

Chithunzi chinali chowala bwino kwambiri. Makwinya onse a kumaso kwawo ankaoneka, ndi mabatani a yunifolomu, ndi thukuta pamphumi. Tinawamva akumutchula dzina, akunena za nkhani imene anamubisira, kenako akuyang'ana kumbali, n'kupempha kulowa m'nyumba. Zinathera pomwepo.

Eunice anadikira, akuganiza kuti pali zina zikubwera. Ataona kuti palibe, anatembenukira kwa Lughano.

“Asuweni, nkhani yake inali yotani?”

Lughano nkhaniyo sankaidziwa. Eunice anayang'ana ine, ndipo ndinapukusa mutu. Eunice anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kumuuza Lughano kuti vidiyoyo aibwezere poyamba.